Madzi Atayera pa Damu la Kulusumu

Pamene Sajeni Suwilanji Namukonda amatsika pa njinga yamoto, anthu anali ataweruza kale mlandu. Bambo wina wamfupi, wadazi, anali atakhazikidwa pansi pa mtengo wa mango, manja atamangidwa kumbuyo ndi chingwe cha ukonde, mlomo wakumunsi utatupa. Khamu linali litamuzungulira, ena atanyamula zibonga, ndipo mayi wina amafunsa mokweza ngati panali munthu amene anali ndi petulo.

"Mmasuleni," anatero Suwilanji.

"Ndi Zangaphee uyu, bwana," anayankha wapampando wa komiti ya chitetezo. "Wathira katupe m'damu la namfedwa, mayi Kulusumu. Nsomba zonse zafa. Dzulo anthu amuona akuzungulira komweko."

Zangaphee analavula malovu a magazi nadzutsa mutu.

"Ndimafuna mbuzi yanga, a Sajeni! Mbuzi! Katupe ine ndinasiya chaka chomwe ndinabatizidwa, kafunseni abusa. Zoti tinakangana ndi mayiwa pa nkhani ya ngalande, ee, tinakanganadi. Pakamwa panga mpoipa, mudzi wonse ukudziwa. Koma pakamwa sipapha nsomba."

Suwilanji anachokera ku Chitipa, koma anali atagwira ntchito ku Nkhunga nthawi yokwanira kudziwa kuti khamu likatchula petulo, mlandu sufika kukhoti. Anadula yekha chingwe chija, naitana Konstabo Issa, amene anabwera naye.

"Pita nawo ku ofesi bambowa. Ukawapatse tiyi, kenako ubwerere." Kenako anatembenukira khamu. "Nyumba yawo ndaiona. Udzu umodzi ukapsa, ndiyambira pa inu apampando."

* * *

Damu linali kuseri kwa nyumba, pakati pa nthochi ndi munda wa mpunga. Mayi Kulusumu anali atagwada m'mphepete, mpango wakuda utaphimba mutu, akutola nsomba zakufa ndi kuziyala pa makoko a nthochi. Samaziponya. Amaziika imodziimodzi, mitu kumodzi, ngati akugoneka ana.

"Pepani mayi," anatero Suwilanji, nakhala pansi pafupi nawo.

"Zonse n'za Mulungu, mwanangu." Mawu awo anali otsika. "Damu ili anakumba ndi malemu bambo a kuno, ndi khasu, okha. Atamwalira anthu anati ndiligulitse. Ndinakana. Makumba awa ndimati ndikagogoda chitini cha madeya, onse amathamangira kuno. Lero ndagogoda, ndagogodanso..."

Suwilanji anayang'ana m'damumo kuti awapatse mpata wopukuta maso. Madzi anali mbee, moti matope a pansi amaoneka bwinobwino.

"Madzi ake ndi oyera chonchi masiku onse?"

"Ayi. Amakhala obiriwira ngati msuzi wa nkhwani, chifukwa cha ndere zomwe nsomba zimadya. Anayamba kuyera Lachiwiri. Ine ndinkangoti mwina ndi nyengo. Kenako nsomba zinaleka kudya, zikungoyandama pamwamba kukamwa kuli yasa."

Lachiwiri. Tsikuli linali Lachisanu, ndipo Zangaphee anaoneka pa damupo dzulo lake. Suwilanji anayenda pang'onopang'ono kuzungulira damu. Munthu akathira katupe amasinja masamba, ndipo pamatsala thovu ndi zinyenyeswa. Apa panalibe. Chimene chinalipo ndi nkhono. M'mphepete monse munali nkhono zakufa, ndi ambululu ali gadaa pakati pake.

Kumapeto kunali kamlatho ka matabwa kolowa m'madzi, poimapo podyetsa nsomba. Matabwa onse anali akale, otuwa, kupatula limodzi. Limenelo linali latsopano, la mlombwa, lopalidwa bwino, ndipo mng'alu waung'ono umene unali pakati pake unali utatsekedwa ndi thonje ndi phula.

"Thabwa ili munakhoma liti?"

"Sindine. Lakale linathyoka kalekale, ndimangolidumpha. Lolemba ndinapita kuchipatala ku Boma, pobwera ndinapeza lakonzedwa. Ndinati Alhamdulillah, mwina ndi anthu a kumzikiti andimvera chisoni."

"Kuchipatala kunali chiyani, mayi?"

Kulusumu anayang'ana pansi, nakonza mpango womwe unali bwinobwino kale.

"Likodzo," ananong'ona. "Landivuta nthawi yaitali. Koma sindinauze munthu, wallahi. Ndi matenda ochititsa manyazi kwa mzimayi wa msinkhu wanga."

Suwilanji anaponda thabwa latsopanolo. Silinagwedezeke n'pang'ono pomwe. Munthu wina anabwera pano tsiku limene mwini wake kunalibe, madzi n'kuyamba kuyera mawa lake. Koma ndi mdani wanji amene amabwera kudzapha nsomba zako, n'kuyamba wakukonzera poponda?

* * *

Mtendere Chirwa, mlangizi wa za nsomba amene Suwilanji anamuimbira foni, anafika thukuta lili kamukamu, chikwama chodzaza timabotolo chili kumsana. Anali munthu woyankhula mothamanga, ngati minibasi ikumusiya. Anatola nsomba imodzi, natukula chivindikiro cha kuseri kwa mutu wake.

"Taonani zopumirazi, a Sajeni. Zimayenera kukhala zofiira. Izi zatuwa, ndipo zakutidwa ndi zonanda. Nsombayi yafa mobanika, madzi ali pomwepo. Si katupe uyu. Katupe amagwetsa nsomba tsiku lomwelo, ndipo ndere sazikhudza, nkhononso kawirikawiri zimapulumuka. Chopha ndere, nkhono ndi nsomba pamodzi, ine ndikukayikira mkuwa."

"Mkuwa? Wa mawaya uja?"

"Womwewo, koma woperedwa kufika poti maso sangauone. Amati nano. Tangoganizani tsitsi limodzi la m'mutu mwanu, muling'ambe, muling'ambenso, mpaka mutatopa, simunafikebe. Tinthu timeneti sitimira msanga ngati mchenga. Timayandama m'madzi, nsomba ikamapuma timakakamira pa zopumira, tina timalowa m'magazi mpaka m'chiwindi. Tomwe tatsika timakhala m'matope, n'kumatulutsa poizoni pang'onopang'ono. Ndiye nsomba sizifa lero lomwe. Zimadwala kaye."

"Mukutsimikiza?"

"Kutsimikiza ndi kwa a labu, ndipititsa madzi ndi matope. Koma pakadali pano nsomba izi asadye munthu, ngakhale galu. Ndipo potulukira madzi apo titseke, chifukwa ngalandeyi ikuthira mu mtsinje, mtsinjewo m'nyanja."

Anayamba kale kukankhira dothi pa ngalandepo ndi nsapato. Suwilanji anatenga khasu la Kulusumu namuthandiza.

"Zinthu zoterezi munthu wa kumudzi kuno angazipeze kuti?"

Mtendere anaima, napukuta magalasi ake.

"M'sitolo mulibe. Koma kampani ija yoweta nsomba m'makola a pa nyanja imaviika maukonde ake m'mankhwala otere kuti ndere zisamerepo. Amawayanika kaye mpaka aume, ndiye amawaika m'madzi. Mwezi watha anatiuza kuti zigubu zina za mankhwalawo zasowa m'nyumba yawo yosungira katundu."

"Zina? Osati chimodzi?"

"Zingapo. Damu ngati ili, theka la chigubu lakwana."

Suwilanji anaimika khasu.

"Ndiye zinazo zili kuti?"

* * *

Thonje ndi phula satsekera mng'alu wa thabwa la mlatho. Amatero ndi munthu amene manja ake anazolowera kuti mng'alu uliwonse ndi polowera madzi. Pa gombe lonselo, mmisiri wokhoma maboti anali mmodzi, a Swaibu.

Suwilanji anapeza a Swaibu atakhala pa mchenga, mumthunzi wa boti losamaliza, dzuwa lili paliwombo. Anali bambo wamtali, wa ndevu za imvi, kofia yoyera ili pamutu. Nyundo inali pambali, ndipo mbale ya chinangwa inali yosakhudzidwa. Manja anali atawaika pa maondo. M'mphepete mwa zikhadabo zawo munali mtundu wakuda wobiriwira, umene sopo anali atalephera kuuchotsa.

"Salaam aleikum, bambo."

"Aleikum salaam." Sanadabwe. "Ndafika posachedwapa kuchokera ku Boma, ndinakapereka boti. Ndangomva kumene. Akuti Zangaphee am'menya?"

"Am'menya."

A Swaibu anatseka maso. "Astaghfirullah. Ndimasonkhanitsa mphamvu zoti ndiimirire ndibwere kwanu."

"Thabwa lija mwakhoma bwino," anatero Suwilanji mofatsa, nakhala pa chipika. "Ndiuzeni za zinazo."

Anayankhula pang'onopang'ono, akupuma pakati pa mawu.

"Mkazi wanga anali Asiya. Anayamba chimodzimodzi. Kuyenda atagwira m'chiuno. Kuwonda. Kubisa. Pomwe timafika naye kuchipatala, likodzo linali litawononga kale chikhodzodzo. Tinamuika chaka cha madzi osefukira. Ndiye nditaona mayi Kulusumu akuyenda mayendedwe omwewo, sindinafunike kuuzidwa. Achipatala amati matendawa amabisala mu nkhono. Munthu ungamwe mankhwala, ukalowanso m'madzi a nkhono, abwereranso. Ndipo mayi aja amalowa m'damu muja tsiku lililonse."

"Bwanji simunawauze?"

"Ine ndiwauze mayi aja za matenda a kumunsi? Ndine ndani wawo?" Anaseka pang'ono, koma maso anali atadzaza. "Ndakhala ndikufuna kukhala ndani wawo kwa nthawi ndithu. Ndikafika pakhomo pawo ndimangofunsa za mitengo ya madeya, n'kubwerera."

Pa ntchito yake Suwilanji anamvapo zifukwa zambiri zimene anthu amawonongera zinthu za anzawo. Ichi chinamulemera kuposa zonse.

"Mankhwalawo anakugulitsani ndani?"

"Blessed. Amatsuka maukonde ku kampani. Anati mankhwalawa amapha nkhono ndi ndere basi. Anati, 'Madala, nsomba za kampani zimagona m'maukonde oviikidwa momwemu, mwaziona mmene zanenepera?' Ndinakhulupirira. Lolemba nditawaona mayi aja akukwera minibasi, ndinapita. Ndinathira theka, n'kutakasa ndi nsungwi. Lotsalalo lili m'boti umu." Analoza botilo. "Thabwa ndinangoliona kuti lingawagwetse."

"Blessed ali kuti tsopano?"

"Wandiimbira foni musanafike. Akuti nditseke pakamwa, zotsala zonse akukazitaya pa mlatho wa ku dambo, pasapezeke umboni."

Suwilanji anali ataimirira kale, foni ili kukhutu.

"Issa! Siya zonse. Tikumane pa mlatho wa ku dambo. Thamanga!"

* * *

Msewu wa ku dambo umadutsa pakati pa minda ya nzimbe, ndipo njinga yamoto inkaterereka mu mchenga. Suwilanji anaona njinga ya kabaza itaimikidwa pa mlatho, zigubu za buluu zitatsitsidwa. Bambo wa jekete lachikopa, magalasi akuda ali pamphumi, anali atakweza chigubu chimodzi pa chitsulo cha mlatho. Chitsekerero chinali kale m'manja mwake.

Suwilanji anazimitsa injini patali pang'ono. Anadziwa kuti akathamanga, munthuyo angosiya chigubucho chigwe. Anayenda ngati wopita kumsika.

"A Blessed."

"Aa, bwana Sajeni, mwaswera?" Anamwetulira. "Palibe nkhani apa. Ndi madzi otsukira maukonde awa, ntchito yake inatha. Ndikungothandiza kampani kutaya zinyalala, mwaona eti?"

"Tayang'anani kumunsi uko."

Blessed sanafune, koma anayang'ana. Pokhota mtsinje, amayi amachapa zovala pa miyala, wina akusambitsa khanda m'beseni. Kupitirira apo kunali bango, kenako nyanja.

"M'bango umo ndi moswanirana chambo," anatero Suwilanji, akuyandikira. "Theka la chigubu lapha damu lonse. Inu muli ndi zonsezi. Kwanu ndi kuti, a Blessed?"

"Konkuno. Ku gombe."

"Bambo anu amagwira ntchito yanji?"

"Ndi asodzi."

"Pakadali pano mlandu wanu ndi wakuba ndi kunamiza nkhalamba. Umenewo uli ndi polekezera, mudzatuluka. Koma mukapendeketsa chigubucho, palibe wapolisi kapena woweruza amene angakatole tinthu timeneto m'madzi. Mudzatuluka kundende n'kupeza bambo anu akukokabe ukonde wopanda kanthu."

"Ine sindimadziwa kuti n'zoopsa chonchi, bwana. Wallahi, ndimangofuna kupeza ya sopo."

"M'mawa uno mwadziwa. Tsekani."

Kumbuyo kwake kunamveka njinga ya Issa ikufika. Blessed anacheuka, chigubu chinapendekeka, ndipo madzi akuda anatayikira pa simenti ya mlatho, akuyenderera kumphepete. Suwilanji analumpha nagwira chigubucho ndi manja onse awiri, n'kuchikokera mkati. Issa anavula jekete lake naliponya pa madzi otayikawo, kenako anayamba kuthirapo mchenga ndi manja.

Palibe dontho linafika mu mtsinje. Blessed anakhala pansi yekha, napereka chitsekerero, kenako manja.

* * *

Mawa lake m'mawa, Suwilanji anabweretsa anthu awiri pakhomo pa mayi Kulusumu. Zangaphee amayenda patsogolo, mlomo utapakidwa mankhwala. A Swaibu amatsalira m'mbuyo, maso ali pansi. Anthu a m'mudzi anali atamva kale nkhani yonse, ndipo amene dzulo ananyamula zibonga lero amasuzumira kuseri kwa mipanda.

Kulusumu anatuluka, nayamba ndi Zangaphee. Anagwada.

"Achimwene, mwamenyedwa chifukwa cha nsomba zanga. Dzina lanu sindinatchule ndine, koma sindinakuikireninso kumbuyo. Mundikhululukire."

"Aa, dzukani mayi, mundichititsa manyazi," anatero Zangaphee, akukanda dazi lake. "Mlomowu unafunika kupumako. Koma apampando aja tionana kukhoti, zimenezo zokha sindisiya."

Mtendere anali komweko ndi timabotolo take. Anafotokoza kuti madzi a m'damu sangatulutsidwe, ayenera kuphwa okha ndi dzuwa. Akaphwa, matope onse a pansi achotsedwe, akakwiriridwe m'dzenje loyalidwa pulasitiki, kumtunda, kutali ndi chitsime. Akatero ndiye ayeze kaye, asanaikemo mbewu ina ya nsomba.

"Ndi ntchito ya miyezi," anamaliza motero. "Ndipo nkhono zili ndi njira zake zothana nazo. Mukanangotifunsa, bambo."

A Swaibu anagwedeza mutu. Suwilanji anawauza Kulusumu kuti bambowa apereka kale umboni wawo, ndipo za kugula katundu wakuba khoti ndilo lidzaone. Koma za damu, mwini wake ndiye anene ngati akufuna kudandaula.

Kulusumu anatembenukira kwa a Swaibu. Bambo wamtali uja anavula kofia, akuipinda ndi zala zake zothimbirira.

"Mayi, ine ndilibe mawu. Boti lomwe ndikukhoma lija ndigulitsa, ndi zida zomwe..."

"Mwandiphera nsomba za malemu amuna anga," anatero Kulusumu. Mawu awo sanakwere. "Dzulo ndazikwirira ndekha. Mtima ukundiwawa, ndipo sindinama kuti wapola. Mwina utenga nthawi."

"Ndi zoona, mayi."

"Munaona kuti ndikudwala. Abale anga enieni sanaone. Koma m'malo mondiyankhula ngati munthu, munapita kukayankhula ndi madzi. Muli ndi pakamwa, a Swaibu. Mulungu anakupatsani."

Misozi ya a Swaibu inatsikira mu ndevu.

"A Sajeni, sindidandaula," anapitiriza Kulusumu. "Boti lawo asagulitse, adya chiyani? Koma matope awa achotsa ndi iwowa, ndi manja awo, mpaka a Chirwa atanena kuti mwayera. Azibwera ine ndilipo, azilowera kumaso kwa nyumba, aziodira ngati anthu ena onse." Anayang'ana kumbali, ku nthochi. "Ndipo ngati pali mawu ena amene akhala akuwalemera, asawathire m'damu. Achimwene anga a Usman amakhala ku Boma, pafupi ndi msika. Amapezeka Lachisanu lililonse akatuluka ku mapemphero a Juma."

A Swaibu anayang'ana Suwilanji ngati akupempha kuti awamasulire.

"Ayankhenitu, akulu inu!" anakuwa Zangaphee, kenako anagwira mlomo wake ndi ululu. "Ine ndamenyedwa chifukwa cha manyazi anuwa. Musandipweteketse pachabe."

"Inshallah," anatero a Swaibu. "Ndipita Lachisanu likudzali."

"Lachisanu lili patali," anayankha Kulusumu, akulowa m'nyumba. "Lero yambani kukumba dzenje la matope. Muvale kofia yanuyo, dzuwa lakwera."